Mimba imene ndinalerera anthu

Zikomo adokotala pondipatsa mpata uwu. Amayi ndi abambo amene mwakhala pamabenchi apa kudikira kuyezedwa shuga ndi BP, musaope, sindikulandani malo pamzere, ine ndilowa pomalizira. Mukamva mawu ena akutuluka opindika mundipirire, lilime langali linagonapo ndipo silinadzukiretu. Dzanja lamanzere mukuliona ndaligwirizali, nkhani yake ndi imene ndaimirira pano.

Dzina langa ndine Wedisoni. Amene munagwirapo ntchito m'minda ya kumtunda kuja mumandidziwa ndi dzina lina, Bwana Mimba. Ndikuona amayi awo akubisa pakamwa, akumbukira. Sekani ndithu mayi, nanenso ndinkaseka, ndipo dzinalo ndinkalikonda kuposa limene anandipatsa bambo anga.

Ntchito pa esiteti ndinayamba ndili mnyamata, wothyola tiyi. Dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno, kukwera ndi kutsika zitunda tsiku lonse. Nthawi imeneyo ndinali ngati bango, lamba ndinkachita kuboola ndekha ndi msomali kuti buluku lisagwe. Kenako mwayi unandigwera. Anandiphunzitsa thirakitala, ndinayamba kututa masamba kuchokera pasikelo kupita kufakitale. Abale anga, kuchoka pa dengu kufika pa chiwongolero, kumalaini kwathu, kunyumba za antchito kuja, zinali ngati ndapita ku Joni. Kuyenda pansi ndinasiya tsiku lomwelo. Ngakhale kutchalitchi, kumene belu lake limamveka ndili pakhonde, ndinkapita pa kabaza, kuti anthu asaone adalaivala akuponda fumbi.

Pakamwa ndiye sipankapuma. Ndikaima pasikelo kudikira kuti alonge, amayi a mandasi ali pomwepo. Tiyi wathu yemweyu sindinkamwa pokhapokha shuga atatsala pang'ono kuimika sipuni m'kapu. Masana nsima ya ufa woyera, mitanda yosawerenga. Ndikaweruka, pachiwaya: tchipisi, nkhumba ya mafuta okhaokha, mchere wothira ndi dzanja lonse, kutsitsira botolo lozizira la chakumwa chotsekemera. Pa malipiro, mowa. Mimba inayamba kutsogola, ine pambuyo.

Ndipo anthu anaombera m'manja. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse. Palibe ndi mmodzi yemwe anandiuza kuti ndikudwala. Apongozi anga ku Khonjeni ankaitana anzawo kuti adzaone, "Mkamwini wathu wakhala bwana, taonani thupi." Mkazi wanga Esinala, amene ndi wochepa thupi chibadwire, amayi anzake ankamuyamikira kuti amadziwa kusamala mwamuna. Pamaliro ine ankandipatsa mpando, anzanga akukhalira njerwa. Kuno kwathu mimba ndi satifiketi, mukudziwa inu nomwe.

Koma thupi linkalankhula, ine osamva. Khosi langa kumbuyoku linada bii, ngati litsiro la chaka chonse. Esinala ankandikhula ndi mwala wotsukira mapazi mpaka khungu kusupuka, akudandaula kuti ndimuchititsa manyazi, anthu aziti mwamuna wake sasamba. Silinali litsiro. Ndikangokwera pathirakitala ndinkapuma ngati ndathamanga. Mkonono wanga unkamveka kwa aneba. Mutu unkagunda kunkhongo kuno, ludzu losatha. Ine ndinkati ndi utsi wa dizilo ndi dzuwa.

Pamene anandigwirira ndi pompano. Madalaivala tonse anatiitana kuti atiyeze, ine n'kubwera monyada, mumtima ndikuti owondawo ndi amene apezeke ndi vuto. Adokotala awa, omwewa akhala apawa, anatenga tepi ngati ya telala n'kundizunguliza pamchombo. Ndinaseka, ndinati, "Mukufuna kundisokera suti kodi?" Iwo sanaseke. Anandimanga chija cha pamkono, anandibaya chala, kenako ananditumiza kuchipatala chachikulu kuti akaone mafuta a m'magazi. Nditabwerako anandikhazika pansi.

Anati, "Bambo, BP yanu yakwera. Shuga wadutsa pamene ayenera kukhala. Mafuta oipa achuluka m'magazi, ndipo abwino aja, amene amathandiza kuyeretsa mitsempha, achepa. Musaone ngati ndi matenda osiyana amene angokumana mwangozi. Amayendera limodzi awa, ndipo chisa chawo ndi ichi." Analoza mimba yanga, ulemu wanga wonse.

Ndinafunsa kuti mimba ikugwirizana bwanji ndi shuga. Iwo anandibwezera funso. "Mukafika ndi masamba pageti la fakitale, geti n'kukana kutseguka, chimachitika n'chiyani?" Ndinati mathirakitala amandandana mumsewu, masamba amatentha m'ngolo, amafiira n'kuwonongeka. Anati ndi zomwezo. Chakudya chikalowa chimasanduka shuga m'magazi, ndipo thupi limatulutsa chinthu chotchedwa insulini, chimene chimatsegula mageti kuti shugayo alowe m'minofu akagwire ntchito. Tsono mafuta a m'mimba, osati apakhunguwa ayi, koma am'kati okuta chiwindi ndi matumbo, amachititsa kuti mageti aja asamamve. Shuga amangozungulira mumsewu. Thupi limaonjezera insulini, chiwindi chimathira mafuta ena m'magazi, impso zimasunga mchere ndi madzi, mitsempha imauma n'kumachepa, mtima n'kumapopa mokakamiza. Kuda kwa khosi kuja anati ndi chizindikiro cha zomwezo. Anamaliza ndi mawu amene mpaka lero amandilira m'khutu: "Msewu ukadzatsekeka kumutu, ndi sitiroko. Ukadzatsekeka kumtima, mwina sitidzaonananso."

Ndinachita mantha, ndipo ndinamvera. Ena mukuganiza kuti ndinagwa chifukwa cha kusamva adokotala kuyambira pachiyambi. Ayi. Ndinamvera ndithu. Mapiritsi ndinkamwa tsiku lililonse. Pachiwaya ndinasiya, kabaza ndinasiya, Esinala anasintha kaphikidwe. Itapita miyezi, lamba anayamba kubwerera m'mabowo akale. Mutu unaleka kugunda. Chitunda cha kufakitale ndinkakwera osaima panjira. Zaka zonse za pathirakitala ndinali ndisanamvepo bwino chotero.

Ndiye anthu anayamba kuyang'ana.

Poyamba anali mafunso achifundo. "A Wedisoni, mwatani kodi? Kolala yakula bwanji?" Kenako mafunso anatha, kunatsala kunong'ona. Ndikafika pasikelo nkhani inkaduka. Tsiku lina ndili kuseri kwa ngolo ndikumanga chingwe, ndinamva mayi wina akuuza mnzake, "Bwana Mimba akutha ngati sopo. Mwezi uliwonse ali kuchipatala kukatenga mapiritsi, inu simukudziwa? Madalaivalatu awa." Mnzakeyo anati, "Chisoni ndi mkazi wake."

Inu akuluakulu mukukumbukira zimene tinaona kuno zaka zija, pamene tinkaika maliro motsatizana, ndipo munthu ankayamba ndi kuwonda. Mantha amenewo sanatichoke m'maso. Lero amene ali ndi kachilombo akumwa mankhwala, ali ndi thanzi, akudzaza madengu kuposa ife, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Zimenezi mutu wanga unkazidziwa. Koma mtima unali wopusa. Mawu a mayi uja anandipweteka kuposa jakisoni aliyense amene ndinabayidwapo.

Nthawi yomweyo mwana wathu woyamba, Tiyanjane, anali atapeza mnyamata wa ku Bvumbwe, ndipo tinkakonzekera chinkhoswe. Mlamu wanga, mlongo wake wa Esinala, amene anali nkhoswe ya mwanayo, anandiitanira pambali. "Alamu, ine sindikunena kanthu ayi. Koma a ku Bvumbwe aja amva mphekesera. Akadzakuonani chonchi aziti m'nyumba muno muli matenda. Tadyani pang'ono thupi libwerere, mwana asadzachite manyazi pagulu."

Nditamuuza Esinala anakana. Anati, "Bambo a Tiyanjane, amene akukunenaniwo sadzabwera kudzakudwazikani." Ndinamukalipira. Ndinati iyeyo ndi amene akundipha ndi njala ndi masamba ake owiritsawo, akufuna ndikaoneke ngati wopemphetsa pamaso pa akuchimuna.

Ndiye ndinachita chinthu chimene mwina simunamvepo, kapena mwina ena mukuchita panopa mwakachetechete. Ndinadzinenepetsa dala, ngati nkhumba yodikira Khirisimasi. Kuno ndinasiya kubwera kuti asandionenso pamzere. Mapiritsi ndinaponya m'chimbudzi. Zimene Esinala ankakana kuphika ndinkakadya pachiwaya, mowirikiza. Ndinkamwa mkaka wothira shuga ndi mazira poti wina anandiuza kuti zimafulumizitsa thupi. Ndipo linabwerera, mwachangu kuposa mmene linachokera. Pachinkhoswe ndinakhala kutsogolo, jekete losamangika mabatani, akuchimuna akugwedeza mitu, "Eee, koma bambo ake ndi bwana." Mlamu wanga ananditsinzinira diso. Ndinaona ngati ndapambana. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Sipanapite nthawi yaitali. Inali nyengo ya mvula, masamba ochuluka, ngolo yodzaza. Amayi angapo othyola anakwera kumbuyo pamwamba pa matumba. Malamulo amakana, koma ndinawalola ndine, poti bwana sakana anthu. Tikutsika chitunda chopita kumlatho, ndinamva ngati dzanja lamanzereli si langa. Ndinaliuza kuti ligwire chiwongolero, linangogwera pantchafu. Mwendo unakana kuponda kilatchi. Ndinafuna kukuwa kuti dumphani, pakamwa panatuluka phokoso la munthu woledzera. Mlatho ukuyandikira. Ndi dzanja limodzi ndinakhotetsera thirakitala m'munda, inaphwanya mitengo ya tiyi n'kukodwa m'zitsa. Tiyi ameneyo ndi amene anapulumutsa amayi aja. Mmodzi anathyoka mkono. Akanafera pamlatho paja, ana awo ndikanawauza chiyani? Kuti ndinkafuna kuoneka bwino pachinkhoswe?

Pondichotsa pampando anachita kuthandizana amuna angapo, akubuula. Ena ankati ndamwa, ena ankati andilodza chifukwa cha ntchito, akufuna kupita nane kwa sing'anga. Mwamwayi kapitawo wa munda umenewo ataona pakamwa panga papindika sanamvere zimenezo, anathamangira nane kuchipatala. Muzisunge zimenezi: pakamwa kupindika, dzanja kugwa, mawu kusokonekera, musayambe ndi kufunsa kuti wamulodza ndani. Thamangani naye.

Nditatuluka m'chipatala ndinabwerera kumalaini ndili katundu. Chiwongolero anapatsa wina. Aja ankanditcha bwana anabwera masiku oyamba, ndi nthochi ndi mapemphero. Kenako anachepa, kenako zii. Sindikuwada, aliyense ali ndi dengu lake loti adzaze. Tiyanjane anali kwa mwamuna wake. M'nyumba tinatsala awiri, ine ndi Esinala, ndipo chilichonse, kundisambitsa, kunditembenuza, kundiveka, chinali pa iyeyo.

Tsopano ndikuuzeni za m'mawa wina. Ndi nkhani yamanyazi, koma ndinena, chifukwa manyazi ndi amene anandifikitsa pamenepo.

Mvula inali itangokata. M'mimba munandipotokola, ndipo chimbudzi chathu chili kuseri kwa malaini, kamtunda pang'ono, njira yake yodutsa pafupi ndi mpopi. Ndinakana chitini cha m'nyumba, ndinati ine si mwana. Esinala sanatsutse. Anatenga chitenje n'kumanga chiuno changa ndi chake pamodzi, dzanja lakufali analikoloweka m'khosi mwake, anandidzutsa. Tinatuluka. Iye akuponda, ine ndikukoka mwendo. Ndinkamva kupuma kwake pansi pa khwapa langa, kufupikira, kufupikira. Dothi lathu lofiirali mukulidziwa likanyowa. Tili pakati pa njira, phazi lake linatereka.

Anagwa chogwada, ine pamwamba pake, thupi lonse lija. Ndinamva msana wake ukulira. Chitenje chinatimanga, iye sangatuluke, ine sindingadzuke. Ndipo chimene tinkathamangira chija chinachitikira pomwepo, m'matope. Pampopi panali amayi akutunga madzi. Anaima, zidebe m'manja, akuyang'ana. Pambuyo pake anathamanga kudzathandiza, ndisawanamizire, koma asanafike n'komwe Esinala analankhula. Sanakuwe, sanalire. Tsaya lake lili m'matope, anati pang'onopang'ono:

"Bambo a Tiyanjane, thupi ili munalinenepetsera anthu. Koma wolinyamula ndine."

Anapuma, kenako anati, "Msana wanga watha. Mukapanda kundithandiza, tigona pano tonse."

Abale anga, ndinalira ngati mwana, amayi onse aja akuona. Ndinakanikiza pamatope ndi dzanja lamanjali, ndinakankha ndi mphamvu zonse zimene zinatsala, mpaka ndinagubudukira kumbali kuti mkazi wanga apume. Kumeneko ndiye kunali kuyenda kwanga koyamba.

Sabata yomweyo ndinapempha kuti abwere nane kuno. Ndinkayembekezera kuti adokotala andilalatira, ndipo akanalalata sakanalakwa. Anangoti, "Mwabwera. Tiyambirenso." Anandiuza mosabisa kuti amene wagwidwa kamodzi akhoza kugwidwanso, ndipo kachiwiri kawirikawiri sikachita chifundo.

Zimene ndinachita si zodabwitsa, ndi zomwezo amakuuzani mwezi ndi mwezi inu n'kumayang'ana kumbali. Mapiritsi tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene ndikumva bwino, makamaka tsiku limenelo, chifukwa BP siigogoda pobwera. Kuyenda ndinayambira pakhomo mpaka pamtengo wa mapeyala wa pabwalo pathu. Kenako ndinapeza nzeru: m'mizere ya tiyi. Mitengo imafika m'chiuno, mzere ndi wopanikiza, ukapendama uku ikugwira, ukapendama uko ikugwira. Munda umene ndinathawa ndili mnyamata ndi umene unandiphunzitsanso kuyenda.

Pa mbale, nsima ndi ya mgaiwa, mtanda umodzi wofanana ndi chibakera changa. Malo aakulu ndi a ndiwo zamasamba, nkhwani, chisoso, bonongwe, kholowa, zimene ndinkazitcha za anthu osauka. Nandolo, kalongonda, usipa. Mafuta ongodontheza. Mchere Esinala amathira pang'ono pophika, ndipo patebulo sufika. Nthochi imodzi, osati mkoko. Mowa ndi mabotolo ozizira aja tinatsanzikana. Tiyi ndimamwa wopanda shuga, ndipo ndikuuzeni, zaka zonse zija ndikututa tiyi ndinali ndisanamvepo kukoma kwake.

Adokotala anandiphunzitsanso kanthu kena kosafuna ndalama. Tengani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, muchipinde pakati, muzungulize pamchombo. Chikakana kukumana, mimbayo yayamba kukudyani. Changa chinatenga nthawi, koma tsopano chimakumana.

Pena ndichenjeze. Kuwonda kumene simukudziwa chifukwa chake musakusekerere, bwerani mudzayezetse, shuga yemweyu akakula amawondetsanso. Ndipo yezetsani zonse, ndi kachilombo komwe. Ine ndi Esinala tinayezetsa limodzi. Ndikuona ena mwatchera khutu kuti mumve zotsatira. Sindikuuzani. Ndinasiya kupereka lipoti la thupi langa kwa anthu.

Musaganize kuti zonse zinabwerera. Dzanja ili silinabwerere, ndipo thirakitala sindidzaigwiranso. Anandipatsa ntchito kunazale, kuthirira mbande za tiyi ndi dzanja limodzi. Mutu ukangopweteka pang'ono, mtima umathamanga, ndimati kodi ndi kachiwiri kaja? Mayi anathyoka mkono uja ndikakumana naye ndimasowa poyang'ana. Mlamu wanga naye mimba yatsogola, khosi layamba kuda. Ndamuuza kuti abwere kuno, akuti ndikumuchitira nsanje. Zimandiwawa, chifukwa njira imeneyo ndikudziwa kumene imathera, ndipo mkazi wake nayenso ndi wochepa thupi.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi Esinala. Msana wake sunachire. Mayi amene ankasenza ndowa yodzaza kuchokera kumpopi akuimba nyimbo, lero sangasenze ngakhale theka. Akamadzuka pamphasa amayamba wagwira khoma. Matenda anali anga, chilema tinagawana.

Ndiye madzi a pakhomo pathu ndimatunga ndine. Lero m'mawa ndisanabwere kuno ndapita kumpopi, ndowa kudzanja lamanjali, ndikudutsa pamalo pomwe tinagwera paja. Ndamva kumbuyo akunong'ona kuti Bwana Mimba atheratu, mpaka afika potunga madzi ngati mkazi. Ndawapatsa moni bwinobwino, ndanyamula ndowa yanga, ndafika nayo pakhomo ndi miyendo yanga.

Inu amene mwayamba kumva bwino, lamba akubwerera, ndipo anthu ayamba kukufunsani kuti mwatani, ndikudziwa chimene mukuganiza. Mukafika kunyumba lero, musanatsegule chitini cha shuga, muyang'ane munthu amene adzakunyamuleni. Muone kukula kwa msana wake.

Ndathera pamenepa, adokotala. Itanani woyamba.